Ulendo wa ku Siavonga ndi thumba la ufa: kodi kusangalala pantchito kumalimbikitsadi anthu?

Uthenga unalowa pagulu la WhatsApp la kuntchito Lachitatu masana, anthu akuchokera kokadya nsima. A HR, a ofesi yoona za ogwira ntchito, analemba kuti Loweruka kuli team building, ulendo wamasewera wolimbitsa umodzi pantchito, ku Siavonga, basi idzanyamuka 05:00 pageti, aliyense avale sikipa ya kampani, ndipo pasapezeke wotsala. Pagululo panagwa tizithunzi ta manja oombera ndi ta moto. Komatu pali gulu linanso, lija lopanda mabwana, ndipo kumeneko nkhani inali ina. Mnyamata wa ku IT anali atayamba kale kufunsa amene abweretse sipika. Mayi wa ku akaunti anafunsa kuti ana ake atatu adzawasiyira ndani. Bambo wina wa mpingo wa Sabata anangolemba liwu limodzi: "Loweruka?" Dalaivala wathu, wa ku Kanyama, anawonkhetsa mtengo wa basi, nyama ya braai ndi boti la pa Kariba, n'kunena kuti akanangotigawira ndalamazo aliyense akanapita kwawo ndi thumba la ufa la makilogalamu 25, chenji n'kutsala.

Ine ndinali m'gulu lachiwirilo, koma ku Siavonga ndinapita. Pokokana chingwe bwana wamkulu anagwa chagada mumchenga, ndipo amayi otsuka makapu, amene chaka chonse amawapatsa moni bwanayo atapinda mawondo, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenge. Lolemba printa inali idakali yopanda inki ndipo ndalama za ovataimu zinali zisanalowe. Chonsecho mnyamata wa ku IT ndi mkulu wa ku sitolo, amene ankangodutsana ngati sadziwana, anayamba kudyera limodzi. Zonse ziwiri zinachitikadi, ndipo m'pamene mkangano umayambira.

Mu Lusaka zoterezi zachuluka: Lachisanu lovala chitenge, ma aerobics a m'mawa pamalo oimika magalimoto, keke ya tsiku lobadwa, chithunzi cha wantchito wa mwezi pakhoma. Ena amati n'chitukuko. Ena amati n'kuzira pansi denga likudontha. Kawirikawiri otsutsanawo amakhala akutchula zinthu zosiyana ndi dzina limodzi, ndiye tiyambe kuzilekanitsa.

Chilimbikitso, molalo ndi chisangalalo

Chimene a HR amati motivation ndi chija chimamudzutsa munthu 04:30 ku Chawama, kumuimika pamzere wa minibasi, ndipo akafika n'kumugwiritsa ntchito mosamala ngakhale bwana sakuona. Tingochitcha chilimbikitso. Chimakhala mwa munthu mmodzimmodzi, ndipo cha uyu sicha uyo.

Molalo ndi wa gulu. Ife liwuli tinalidziwira kumpira, koma kumene linachokera linkanenedwa kwambiri za asilikali: kodi gululi likukhulupirirabe kuti lipambana, nanga likudalira atsogoleri ake? Munthu akhoza kukhala wakhama payekha m'ofesi imene molalo unatha kalekale, ndipo anthu otere ndi aja amasinthasintha CV mwakachetechete.

Chisangalalo ndi chaching'ono pa zitatuzi, komanso sichikhalitsa. Ndi kuseka, kuseleulana, kusewera.

Taganizirani adzukulu akukumba manda. Chowabweretsa ndi udindo, komanso kudziwa kuti mawa maliro adzagwa kwawo. Molalo umaoneka pamene wotopa akutuluka m'dzenje wina n'kulandira fosholo asanauzidwe. Nthabwala zimene zimamveka pamenepo, zina zoti kusiwa sizinganenedwe, ndicho chisangalalo. Palibe amene anganene kuti adzukulu amakumba chifukwa cha nthabwala. Koma aletseni kulankhula, muone mmene dothi liumire.

Mmene kuseka kunachokera pa mlandu n'kukhala pulogalamu

Zaka zoposa 100 zapitazo mafakitale a ku America ankaona kuseka ngati kuba nthawi ya kampani. Frederick Taylor, amene maganizo ake anafala mu 1911, ankaimirira ndi wotchi kuyeza sitepe iliyonse ya wantchito. Iye ankanena kuti pa kampani ya Bethlehem Steel anachititsa munthu wonyamula zitsulo kuchoka pa matani 12 ndi theka kufika matani 47 patsiku pomukwezera malipiro kuchoka pa $1.15 kufika pa $1.85. Olemba mbiri anadzapeza kuti nkhaniyo anaithira mchere, koma mfundo yake inakhazikika: munthu amayendetsedwa ndi ndalama ndi woyang'anira.

Henry Ford ankakhulupirira kuti ntchito ndi masewera siziyenera kusakanizidwa. Mu 1913 anthu ankathawa fakitale yake mochuluka kwambiri moti kampani inalemba anthu oposa 50,000 kuti malo pafupifupi 14,000 asakhale opanda munthu. Mankhwala ake sanali phwando. Mu Januwale 1914 analengeza malipiro a $5 patsiku, kuposa kuwirikiza kawiri, ndipo anachepetsa maola kuchoka pa 9 kufika pa 8. Kuthawa kunachepa.

Zinthu zinatembenuka pa fakitale ya Western Electric yotchedwa Hawthorne, pafupi ndi Chicago, pakati pa 1924 ndi 1932. Ofufuza anayamba ndi kusintha kuwala kwa magetsi, kenako mu 1927 anapatula atsikana ochepa omanga tizipangizo ta matelefoni n'kuwaika m'chipinda chawochawo. Anawapatsa nthawi yopuma, kachakudya ka m'mawa, maola ochepa, ndipo ankawafunsa maganizo. Ntchito inakwera. Elton Mayo wa ku Harvard anamasulira kuti chinsinsi chinali ubale ndi kuwerengeredwa ngati munthu, ndipo maphunziro ambiri a HR amene akuphunzitsidwa lero mizu yake ili pamenepo.

Pali mbali imene m'makalasi amaidumpha. M'chipindamo malipiro ankawerengedwa potengera ntchito ya kagulu kakang'onoko, osati ya dipatimenti yonse, choncho khama la munthu linkaoneka msanga m'thumba mwake. Ndipo mu 1928 atsikana awiri anachotsedwamo, mwa zina chifukwa cholankhula kwambiri, m'malo mwawo n'kubwera achangu. Kafukufuku amene amatchulidwa ngati umboni wa ubwino wocheza pantchito anachotsa anthu chifukwa chocheza.

Mchere ndi tsabola

Mu 1959 Frederick Herzberg ndi anzake anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh kuti afotokoze nthawi imene anasangalala kwambiri ndi ntchito yawo, ndi nthawi imene inawanyansa. Mayankho sanali mbali ziwiri za chinthu chimodzi. Chowanyansa chinali malamulo a kampani, woyang'anira woipa, malipiro, malo ogwirira ntchito. Chowasangalatsa chinali kumaliza chinthu chovuta, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo, kukwera.

Zili ngati mchere m'ndiwo. Ukasowa, aliyense pamphasa amadandaula. Ukakwana, palibe amene amati "koma mcherewu wakoma." Malipiro ofika pa tsiku lake, chimbudzi choyera, kontrakiti yomveka, tchuthi chopatsidwa popanda kugwada, zonsezi ndi mchere. Zikakhalapo sizimuyatsa munthu moto, koma zikasowa china chilichonse chimasukuluka. Masewera ndi maphwando ali ngati tsabola: pa ndiwo zokoma amawonjezera, pa ndiwo zopanda mchere amangowawa.

Otsutsa Herzberg ali ndi mfundo zawo. Anthu amakonda kudzitamanda pa zabwino n'kuloza ena pa zoipa, ndiye mwina mayankhowo ankangosonyeza khalidwe limeneli. Komanso amene anawafunsa anali anthu a ntchito zapamwamba. Kuno masamu ake ndi ena. Mu 2024 bungwe la JCTR, limene limawerengera mtengo wa zofunika pa moyo, linapeza kuti zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka zinadutsa K10,000 pamwezi, pamene malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba, kuyambira Januwale chaka chomwecho, anali K1,300. Ndi chaka chimene chilala chinatsitsa kwambiri madzi a Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, makala n'kukwera mtengo. Kwa munthu amene theka la malipiro ake latha ndi kaloba mwezi usanafike pakati, ndalama si mchere chabe. Ndi nsima imene.

Komabe ndalama ili ndi malire ake. Mu 1971 Edward Deci anapatsa ophunzira a kuyunivesite masewera olumikiza tizidutswa. Ena anawalipira $1 pa chilichonse chimene alumikiza, kenako n'kusiya kuwalipira. Atawasiya okha m'chipinda, olipidwa aja chidwi chawo pa masewerawo chinatsika, pamene cha osalipidwa sichinatsike. Deci ndi mnzake Richard Ryan anadzanena kuti chilimbikitso chochokera m'kati chimafuna zinthu zitatu: munthu akhale ndi mawu pa mmene agwirire ntchito, adzione kuti akuitha, ndipo akhale ndi anthu amene amamuwerengera. Phwando lingathandize pa chachitatucho. Pa ziwiri zoyambazo lilibe chochita.

Nthochi yobedwa tsiku lililonse

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa chisangalalo cha pantchito chili mitundu iwiri, chodzimerera ndi chobzalidwa.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Donald Roy anagwirapo ntchito m'kachipinda ka fakitale ina ku America, kudula zidutswa za pulasitiki ndi chikopa ndi makina, maola 12 patsiku, ndipo analemba za zimenezi mu 1959. Ntchito yake inali yogonetsa tulo. Anzake atatu, amuna achikulire, poyamba ankawaona ngati opepera. M'mawa uliwonse mmodzi ankasolola nthochi m'chitini cha chakudya cha mnzake, n'kufuula kuti nthawi ya nthochi yakwana, n'kuidya. Mwini nthochi ankakalipa. Mawa lake ankabweretsanso nthochi ina, n'kubedwanso. Panalinso nthawi ya pichesi, nthawi ya nsomba, nthawi yolimbirana zenera. Roy anazindikira kuti timiyambo topanda mutu timeneti ndi timene tinkaduladula tsiku lalitali kuti limezeke. Tsiku lina nthabwala inapitirira malire n'kukhudza banja la mmodzi wa iwo. M'chipindamo munagwa zii kwa pafupifupi milungu iwiri, ndipo Roy anaona kuti ntchito yomweyo, makina omwewo, tsopano zinkamutopetsa mpaka m'mafupa.

Kwa ife izi si zachilendo. Amayi a kumudzi sanadikire katswiri kuti awauze kuti musi umapepuka ndi nyimbo, ndipo nyimbo za pamtondo zinkanyamulanso madandaulo amene apongozi sakanauzidwa pamaso. Pa dima mwini munda ankafulula mowa kapena kuphika thobwa, anthu n'kulima pamzere akuimba ndi kupikisana. Koma taonani kuti pa dima chakumwacho chinali malipiro ndi chisangalalo nthawi imodzi. Mwini munda akaumira, chaka chamawa ankalima yekha.

M'maofesi a mu Lusaka nthochi yathu ndi chimbuya, ubale woseleulana pakati pa mitundu. Mesenjala wachibemba akhoza kuima pakhomo la dairekita wa ku Chipata n'kunena kuti, "Mbuya, lero mwaiwala mbewa zanu mufiriji, ofesi yonse yamva." Dairekitayo amayankha za nyama ya anyani, ndipo onse amaseka. Atonga ndi Alozi ali ndi zawo. Ubale umenewu umachita chinthu chimene pulogalamu ya HR imavutika kuchita: umalola wamng'ono kuseka wamkulu popanda mlandu. J. Clyde Mitchell analemba za zimenezi mu 1956 ataonera gule wa kalela ku Luanshya, kumene anyamata ogwira ntchito wamba ankavala mwaudongo ngati mabwana Lamlungu masana n'kumaimba zoseleula mitundu ina. Chilimba cha mu ofesi, chopereka cha pamaliro, komiti ya kitchen party, mkangano wa Lolemba wa Arsenal ndi Manchester United, zonsezi palibe bwana amene anazilemba mu bajeti.

Chobzalidwa ndi chija chimakonzedwa ndi ofesi: tsiku lamasewera, ulendo, phwando la kumapeto kwa chaka. Michael Tews wa ku yunivesite ya Penn State ndi anzake, amene afufuza kwambiri ogwira ntchito m'malesitilanti, amawonjezera chachitatu, chimene ndi mtima wa woyang'anira: kodi akamva kuseka amatulutsa mutu pakhomo kuti aone amene alibe chochita? Mu kafukufuku wawo wa 2014, kucheza kwa ogwira ntchito okhaokha ndi kulolera kwa woyang'anira ndi zimene zinkayendera limodzi ndi kuchepa kwa osiya ntchito, kuposa zochitika zokonzedwa. Ndiye kuti mbali yotsika mtengo ndi imene inkaoneka ya mphamvu. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chakenso siitchuka: kungowasiya anthu aseke kulibe zithunzi zoika mu lipoti la pachaka.

Pali chinanso. Amy Edmondson wa ku Harvard anapeza kuti magulu a m'chipatala oyendetsedwa bwino ankaulula zolakwa zambiri kuposa ena, osati chifukwa cholakwitsa kwambiri koma chifukwa sankaopa kunena. Google nayo, itaunika magulu ake 180 kuyambira 2012, inapeza kuti kumasuka kotereku ndi kumene kunkasiyanitsa kwambiri magulu ochita bwino. Choncho kuseka kungakhale utsi chabe, moto uli pena. Ofesi imene anthu amaseka pokhapokha bwana akanena nthabwala ndi yosiyana ndi imene kalaliki angathe kuseka bwana, kenako n'kumuuza kuti chiwerengero cha patsamba lachitatu n'cholakwika.

Zimene migodi inatiphunzitsa

Zambia sinaphunzire nkhaniyi ku Google. Makampani a migodi ku Copperbelt anamanga makalabu, mabwalo a masewera, maholo a kanema ndi malo omwera kalekale dziko lisanalandire ufulu. Mufulira Wanderers, Nkana, Nchanga Rangers ndi Roan United ndi ana a migodi. Kabwe Warriors inakulira m'manja mwa a njanji. Kuno ku Lusaka, Zanaco inayamba ngati timu yongocheza ya ogwira ntchito pabanki, Green Buffaloes ndi ya asilikali, Red Arrows ya asilikali a ndege, Nkwazi ya apolisi. Mpira wa dziko lino mbali yake yaikulu ndi chisangalalo cha pantchito chimene chinakula n'kupitirira geti la kampani.

ZCCM, kampani ya boma yoyendetsa migodi imene inapangidwa mu 1982, inkapereka nyumba, chipatala, sukulu, ufa wotsika mtengo, ngakhale matewera a mwana wobadwa kumene. Mpira unali pamwamba pa zonsezo. Migodi itagulitsidwa, ntchito imene inatha mu 2000, zambiri mwa izi zinazilala ndipo matimu ena otchuka anavutika zaka zambiri. Akuluakulu amene amakumbukira nthawi imeneyo ndi chisoni sakumbukira mpira wokha.

Mbiriyi ili ndi nkhope ina. Mabwana a nthawi ya atsamunda ankafunanso kuti wantchito akaweruka akhale pamalo pamene akumuona, osati kumsonkhano wokonza sitiraka ngati ya 1935. Michael Burawoy, amene anagwira ntchito ya kafukufuku m'migodi ya ku Copperbelt kuyambira 1968 n'kuphunzira ku UNZA, anapita ku Chicago, ndipo mu 1974 anayamba kuyendetsa makina m'fakitale ina imene Donald Roy anagwiramo zaka 30 m'mbuyomo. Anaona anzake akusandutsa ntchito kukhala mpikisano wofika pa chiwerengero cha tsikulo, iyenso n'kutengeka nawo. Mfundo yake inali yakuti masewera amapeputsadi tsiku, koma amene walowa m'masewera wavomereza malamulo ake, ndipo sakufunsanso kuti phindu likupita kwa yani. Wina angawerenge zimenezi ngati chenjezo, wina ngati umboni wakuti njirayi imagwira ntchito.

Mwambo wa pa 1 Meyi uli pakatikati. Kuguba kupita ku Freedom Statue mutavala suti kapena chitenge chofanana, mphotho ya wantchito wakhama, firiji kapena sitovu, kwa wolandira ndi tsiku losaiwalika. Kwa amene wagwira zaka 15 osaitanidwapo kutsogolo, funso limakhala lakuti mayinawo amasankha ndani. Mpikisano wothamanga wa Inter-Company Relay suvuta chonchi, mwina chifukwa wotchi siikondera.

Chisangalalo cholamulidwa

Ethan Mollick ndi Nancy Rothbard a ku sukulu ya zamalonda ya Wharton ku America anayesa zimenezi pa ogulitsa malonda a kampani ina. Ntchito yogulitsa anaisandutsa masewera onga basketball, zigoli zikuoneka pa masikirini. Amene analandira masewerawo ndi mtima wawo anayamba kuikonda kwambiri ntchito. Amene anaona kuti angowakakamiza anaipidwa kuposa kale, ndipo ntchito yawo inatsikako. Masewera anali amodzi, chosiyana chinali kuvomera.

Ku France nkhaniyi inafika kukhoti lalikulu. Bambo wina anachotsedwa ntchito mu 2015 pa kampani ya uphungu ya ku Paris, mwa zina chifukwa chokana kulowa nawo m'maphwando a kampani amene munkakhala kumwa kwambiri. Mu Novembala 2022 khotilo linagamula kuti kukanako kunali ufulu wake. Chigamulochi sichigwira ntchito ku Zambia, koma funso lake ndi lathu lomwe.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a phwando sagwera onse mofanana. Wa Sabata amataya tsiku lopembedza, ndipo mukalisunthira Lamlungu ena ambiri amataya lawo. Wosamwa amakhala pakona ndi Fanta wachitatu. Phwando likatha 21:00 ku Kabulonga, wa galimoto amafika kwawo m'mphindi 15, wa ku Matero amayamba kuwerenga za takisi ya Yango kapena kuyenda mumdima. Ndipo atsikana ambiri amadziwa kuti mowa ukalowa, bwana wina amaiwala kuti Lolemba kuli ntchito. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti olemba ntchito akhale ndi ndondomeko yothana ndi nkhanza zotere. Limanenanso kuti sabata ya ntchito ndi maola 48, opitirira apo ndi ovataimu. Ndiye ulendo umene a HR alemba kuti pasapezeke wotsala, ndi mphatso kapena ndi ntchito?

Okonza zochitikazi nawonso ali ndi yankho lomveka. Chisangalalo chodzimerera chimakonda kutsata mizere yakale: a dipatimenti imodzi, a chilankhulo chimodzi, a mpingo umodzi. Wobwera kumene, wamanyazi, kapena mayi yekhayo pakati pa amuna 20 ku workshop akhoza kutha chaka akudya yekha. Chimbuya nachonso chimapweteka chikagwera munthu amene sali m'ubalewo, kapena chikasanduka chobisalira tsankho. Popanda wina kukonza dala, mnyamata wa ku IT ndi mkulu wa ku sitolo aja akanadutsanabe mpaka lero.

Manambala akuti chiyani

Ofufuza a ku University of Warwick, motsogoleredwa ndi Andrew Oswald, anayesa anthu oposa 700. Ena anawaonetsa kanema woseketsa kapena kuwapatsa chokoleti, zipatso ndi zakumwa, kenako onse anawapatsa masamu owonkhetsa olipidwa pa yankho lililonse lolondola. Osangalatsidwawo anachita bwino ndi pafupifupi 12 pa 100 alionse. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015 ndipo zimatchulidwa pafupifupi pa semina iliyonse ya molalo. Chimene sichitchulidwa n'chakuti ntchito yake inali ya mphindi 10.

Kafukufuku wa ku Oxford wa 2019 anali pafupi ndi moyo weniweni. Kwa miyezi 6, ogwira ntchito pafupifupi 1,800 oimba ndi kuyankha mafoni pa kampani ya BT ku Britain ankanena sabata iliyonse mmene akumvera. M'masabata amene anali osangalala ankagulitsa kwambiri ndi pafupifupi 13 pa 100. Izi zikusonyeza kuti mtima wabwino umathandiza ntchito. Sizikusonyeza kuti phwando ndi limene limabweretsa mtima wabwinowo.

Mu 2024 William Fleming, wa ku Oxford komweko, anaunika mayankho a ogwira ntchito oposa 46,000 a ku Britain. Amene analowa m'mapulogalamu olimbitsa mtima wa munthu payekha, monga maphunziro othana ndi nkhawa ndi ma app opumitsa maganizo, sanaoneke bwino kuposa amene sanalowe. Chimene chinaonetsako kusiyana ndi ntchito zongodzipereka zothandiza ena. Iye ananena kuti chofunika kusintha ndi ntchito imene: maola, kuchuluka kwake, kayendetsedwe kake. Pamene bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup limati mu 2024 anthu 21 okha pa 100 alionse padziko lonse ndi amene anali ndi mtima wonse pantchito yawo, patatha zaka zambiri makampani akuthira ndalama m'zosangalatsa.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la nkhuku ndi dzira. Kodi kampani imachita bwino chifukwa anthu ake ndi osangalala, kapena anthu amasangalala chifukwa kampani ikuchita bwino, ikulipira pa nthawi yake ndipo palibe mphekesera za kuchotsa anthu? Ofufuza amapeza zizindikiro za mbali zonse ziwiri, ndipo sagwirizana kuti yolemera ndi iti.

Lachiwiri ndi la nthawi. Nyimbo imodzi sachezera gule. Molalo wa ku Siavonga umatha Lachitatu lotsatira, kapena umasiya kanthu kamene kadzaoneke pakatha miyezi 6, pamene wina adzafune thandizo ku dipatimenti ina? Fomu yofunsa ngati mwasangalala imadzazidwa m'basi pobwerera, anthu atakhuta, ndipo woitolera ndi amene anakonza ulendowo.

Pali funso la malo. Pafupifupi kafukufuku yense watchulidwa pano anachitikira ku America ndi ku Britain. Kuno wamkulu sayankhidwa pagulu, ntchito zolembedwa n'zochepa, ndipo amene ali nayo amadyetsa anthu ambiri. Munthu wotere akamwetulira pa chithunzi cha kampani, kumwetulirako kukutanthauza chiyani? Nanga chimbuya, chimene mabuku a kunja sachidziwa, chingalowetsedwe mu pulogalamu osafa, kapena chimakoma chifukwa chakuti palibe anachilamula?

Ndiye pali unyinji umene nkhani ya team building siuwafika n'komwe. Ambiri ogwira ntchito m'dziko muno sali m'maofesi. Ali ku Soweto Market, m'tuntemba, pa masiteshoni, m'magalaja a ku Garden, m'nyumba za anthu. Kumeneko kuseka kulipo kwambiri, kontrakiti kulibe. Kodi zimenezi zikutiuza kuti chisangalalo sichifuna bajeti, kapena kuti anthu amaseka kwambiri pamene palibe china chowateteza?

Achinyamata amene anayamba ntchito nthawi ya Covid, kuyambira Malichi 2020, anazolowera misonkhano ya pa Zoom, ndipo ena mwa iwo amati chisangalalo chenicheni n'kuwalola kuweruka 15:00 Lachisanu msewu wa Great East usanadzaze. Akuluakulu awo amati munthu amene sunadye naye sungamudalire. Ofesi imodzi ingawakwanitse bwanji onse awiri?

Ndipo masamu a dalaivala uja akadali pagulu lopanda mabwana. Ndalama zikakhala zokwana chimodzi chokha, basi ya ku Siavonga kapena thumba la ufa kwa aliyense, asankhe ndani? Ikakhala voti, kodi ya mayi wotsuka makapu, amene anaseka mpaka misozi koma ufa ukumuthera pa tsiku la 20 la mwezi, ingagwere mbali iti?